Luso la amakanika a sitata ku Chipata

Sitata ya magetsi inayamba kutchuka mu 1912, pamene Charles Kettering anaiika m'galimoto za Cadillac, koma luso loikonza ku Chipata linakula chifukwa cha kusowa. Tawuniyi, yomwe kale inkatchedwa Fort Jameson, ili pa mtunda woposa makilomita 500 kuchokera ku Lusaka, ndipo mtengo wa kopa utagwa cha m'ma 1975, zipangizo zatsopano za galimoto zinayamba kuvuta kupeza. Makanika sakanataya sitata. Ankayamba wayesa batire, kupala dzimbiri pa mawaya, kumvetsera ngati solenoid ikugunda, kenako n'kumasula kuti aone mabulashi.

Ena amati kumeneku n'kungolota, poona munthu akugogoda sitata ndi sipanala. Komatu kugogodako kuli ndi chifukwa: kumagwedeza mabulashi operepeseka kuti akhudzenso, ndipo injini ikalira, vuto ladziwika pomwe lili.