Za Citsulo ca Njanji, ndi Umo Cinasinthira

Aphunzitsi anzanga, ana athu amayesa citsulo conse ndi cimodzi, pakuti m'cinenero cathu dzina lace ndi limodzi. Koma osula akale anadziwa kusiyana kwace, ndipo Azungu anakuphunzira ndi mabvuto pa njanji zao.

M'caka ca 1767, ku Coalbrookdale m'dziko la England, anayamba kuyala njanji za citsulo cosungunula, cothira m'cikombole monga mphika wa miyendo itatu. Citsulo cotere cimamwa makala ambiri m'ng'anjo, magawo 3 kapena 4 pa 100. Cifukwa cace ciri couma ndithu, koma cikagundidwa sicipindika iai, cingosweka ngati phale. Potero m'caka ca 1804, pamene Richard Trevithick anayendetsa injini yace ku Penydarren, inakoka katundu bwino lomwe, koma njanji zinasweka pansi pace.

Tsono anatembenukira ku citsulo cosula, ndico mbale wace wa cija makolo athu anasula naco makasu ndi nkhwangwa. Pakuti m'ng'anjo zao za dothi citsulo sicinaturuka ngati madzi, koma cibuma cosanganizika ndi zotsala za mwala, ndipo anacipunthapuntha pacipala kufikira cayera. Citsulo cotere ciri ndi makala pang'ono pokha. Cimapindika, sicisweka msanga. M'caka ca 1820 John Birkinshaw wa ku Bedlington anapeza njira yakucipsinja pakati pa zogubuduza, naturutsa njanji zazitali mapazi 15. Koma ici naco cinali ndi cirema cace: cinali cofewa, ndipo magudumu olemera anacisenda pamwamba monga munthu asenda nzimbe.

Cofunika cinali ca pakati. M'caka ca 1856 Henry Bessemer anauzira mphepo m'citsulo cosungunuka kuti makala ocuruka apse, ndipo Robert Mushet anakonza cotsala pakuthiramo manganese. Njanji ya citsulo catsopanoci inayalidwa pa stesheni ya Derby m'caka ca 1857, pamalo pamene zakale zinkatha m'miyezi yowerengeka. Iyo inakhala zaka 16. Mdani wina anatsalabe, ndiye phosphorus, imene imacititsa citsulo kuthyoka dzidzidzi, makamaka pozizira. Iyo inagonja m'caka ca 1878, pamene Sidney Gilchrist Thomas ndi msuweni wace Percy Gilchrist anamata m'kati mwa ng'anjo ndi mwala wa njereza umene umaikoka.

Cotero pofika sitima ku Blantyre m'caka ca 1908, kucokera ku Port Herald, nkhondo iyi inali itatha kale. Koma dzuwa silinagonje. Citsulo cikatentha cimatalika, ndipo cifukwa cace amisiri ankasiya kampata pa mfundo iri yonse, polumikiza njanji ziwiri ndi zitsulo za m'mbali. Kampata kameneko ndiko kamaliza magudumu kuti kwada, kwada. Mphunzitsi wokhala pafupi ndi njanji yotere apite nao ana mamawa, nayese mpatawo ndi kamtengo, nabwerenso dzuwa liri paliombo.