Njira zopezera intaneti yothamanga pakhomo kumadera kumene nthambo sizinafike

Mabanja ambiri m'dziko muno amene amafuna intaneti yothamanga pakhomo amabwezedwa ndi makampani ponena kuti nthambo za fibre sizinafike kudera kwawo. Vutoli ndi lalikulu kumidzi, kumene malinga ndi kalembera wa mchaka cha 2018 kumakhala anthu 84 mwa anthu 100 alionse.

Dziko la Malawi lilibe gombe la nyanja yamchere, choncho intaneti imalowa kudzera m'maiko oyandikana nalo monga Tanzania ndi Mozambique. Kumeneko nthambo zapamtunda zimalumikizana ndi zapansi panyanja monga SEACOM, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2009, ndi EASSy, yomwe inatsatira mu 2010. Kukoka nthambo kuchoka m'tauni kukafika pakhomo lililonse kumalira ndalama zambiri, n'chifukwa chake makampani amayambira kumene kuli makasitomala ochuluka pamalo amodzi. Komabe banja lakutali lili ndi njira zitatu zimene lingatsate.

Njira yoyamba ndi netiweki ya lamya za m'manja ya 4G, imene makampani a TNM ndi Airtel amapereka. Mwini nyumba amagula kachipangizo kotchedwa router, kamene amaikamo simukhadi, ndipo kamagawa intaneti kwa onse a m'nyumbamo. Ngati nsanja ya lamya ili kutali, mlongoti wapanja womangidwa pamtengo wautali n'kulozetsedwa kunsanjako umathandiza kukoka netiweki. Asanagule, ndi bwino kuyesa ndi lamya m'mawa, masana ndi madzulo, pakuti anthu onse a m'deralo amagawana mphamvu ya nsanja imodzi ndipo liwiro limatsika ogwiritsa ntchito akachuluka.

Njira yachiwiri ndi yolumikiza malo awiri ndi mafunde a wailesi. Kampani yovomerezeka imaika mlongoti pamalo amene pali kale intaneti ndi wina pakhomo la kasitomala. Milongotiyi imatha kulumikizana pamtunda wa makilomita angapo, koma iyenera kuonana popanda phiri, nyumba kapena mitengo pakati. Mu 2013 akatswiri a ku Chancellor College mogwirizana ndi bungwe la MACRA anayesa ku Zomba luso lofananako, logwiritsa ntchito mafunde a kanema amene sakugwira ntchito, omwe amafika patali kuposa a Wi-Fi wamba.

Njira yachitatu ndi ya setilaiti, ndipo siidalira nsanja kapena nthambo zofika pakhomo. Bungwe la MACRA linapereka chilolezo kwa Starlink, nthambi ya kampani ya SpaceX ya ku America, mu 2022, ndipo ntchito yake inayamba m'dziko muno mu July 2023. Masetilaiti a kampaniyi amazungulira dziko lapansi pamtunda wa makilomita pafupifupi 550, pamene akale amakhala pa makilomita pafupifupi 36,000. Kufupikiraku kumachititsa kuti uthenga usachedwe panjira, moti munthu amatha kuchita msonkhano wa pakanema bwinobwino. Mbale yolandirira iyenera kuikidwa poyera, pomwe thambo likuoneka lonse, ndipo mvula yamphamvu imatha kusokoneza kwa kanthawi. Kupatula kugula zipangizo, kasitomala amalipira mwezi ndi mwezi.

Njira zonsezi zimafuna magetsi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 alionse ndi amene ankaunikira magetsi m'nyumba zawo. Router imadya moto wochepa ndipo sola yaing'ono ndi batire zimakwanira, koma mbale ya setilaiti imafuna sola ndi batire zokulirapo. Mlongoti kapena mbale yapadenga iyeneranso kutetezedwa ku mphenzi, maka m'nyengo ya dzinja.

Anthu akulangizidwa kugula zipangizo zovomerezedwa ndi bungwe la MACRA kuchokera kwa ogulitsa odziwika, komanso kufunsa ngati mtengo wa pamwezi uli ndi malire a data. Amene akufuna kugulitsa intaneti kwa ena ngati bizinesi ayenera kuyamba afunsa kubungweli za chilolezo.

Lamulo la zofalitsa mauthenga la mchaka cha 2016 linakhazikitsa thumba la Universal Service Fund, lomwe cholinga chake ndi kufikitsa ntchito za lamya ndi intaneti kumadera amene makampani saonako phindu. Podikira kuti nsanja ndi nthambo zifike, banja liyenera kuganizira zinthu zitatu lisanatulutse ndalama: kutalika kwa nsanja yapafupi, magetsi amene lili nawo, ndiponso ndalama zimene lingakwanitse kulipira mwezi uliwonse.