Mankhwala a Khansa Amene Anadzachiza Nyamakazi ya Ana

Mu 1897, dokotala wa ana wa ku London, George Frederic Still, analemba za ana 22 amene mfundo zawo za mafupa zinkatupa kwa miyezi yambiri. Anasonyeza kuti nyamakazi si ya okalamba okha. Komabe kwa zaka zambiri madokotala analibe chochiritsira chenicheni. Aspirin ankangochepetsa ululu. Cortisone, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito cha mu 1949, ankaphwetsa kutupa msanga, koma mwana akamwa nthawi yaitali ankapinimbira ndipo mafupa ake ankafooka. Ana ambiri ankakula mawondo ndi zala zitapindika.

Thandizo linachokera ku chithandizo cha khansa. Mu 1948, Sidney Farber wa ku Boston analengeza kuti aminopterin wachepetsa kwa kanthawi khansa ya m'magazi mwa ana ena. Posakhalitsa kunabwera mankhwala ena ofanana nawo, methotrexate. Madokotala anaona kuti mlingo wochepa wa mankhwalawa, woperekedwa kamodzi pa sabata, umaletsa chitetezo cha mthupi kuwononga mfundo za mafupa. Mu 1988, bungwe la FDA ku America linavomereza methotrexate pa nyamakazi ya akuluakulu.

Kwa ana, umboni unadza mu 1992. Madokotala a ku America ndi a ku Soviet Union, motsogozedwa ndi Edward Giannini, anachita kafukufuku pa ana 127 amene mankhwala ena anali atalephera kuwathandiza. Patatha miyezi 6, ana 63 pa 100 alionse amene ankamwa mlingo woyenera anapeza bwino, poyerekeza ndi 36 pa 100 mwa omwe ankamwa mapiritsi opanda mankhwala. Kuchokera apo methotrexate anakhala mankhwala oyambirira pa nyamakazi yovuta ya ana. Ndi otsika mtengo, ndipo ali pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri wa WHO.

Ana ena sachira ndi methotrexate. Mu 1999 kunavomerezedwa etanercept, jekeseni yamphamvu koma yodula ndiponso yofuna firiji, zimene zinaitalikitsa kwa mabanja osauka. Mu 2020, FDA inavomereza tofacitinib, mankhwala akumwa, kwa ana a zaka 2 kupita m'tsogolo omwe nyamakazi yagwira mfundo zambiri. Pa kafukufuku wofalitsidwa mu 2021, matenda anabwerera mwa ana 29 pa 100 omwe anapitiriza kumwa, koma mwa 53 pa 100 omwe anasiyitsidwa. Makampani a ku India tsopano amapanga tofacitinib wotsika mtengo.

Mankhwala onsewa amafuna kusamala. Methotrexate amamwedwa kamodzi pa sabata basi. Kumwa tsiku ndi tsiku molakwitsa kwapha anthu. Amaperekedwa limodzi ndi folic acid, magazi ndi chiwindi zimayezedwa pafupipafupi, ndipo woyembekezera sayenera kumwa. Asanayambe tofacitinib, mwana ayezedwe chifuwa chachikulu. Maso nawonso aunikidwe, chifukwa nyamakazi imeneyi imatha kuwawononga mwakachetechete.

Koma choyamba n'kuzindikira matendawo. Mwana amene mfundo yake yatupa kwa masabata 6 kapena kuposa, kapena amadzuka m'mawa thupi litauma n'kumatsimphina, atumizidwe kuchipatala chachikulu mafupa asanapindike.