Paketi si ya shuga yokha

Pa msika wa Mbare ku Harare, munthu akati paketi amanena kathumba ka shuga kapena ka mchere. Akatswiri a mafoni akatchula mawu omwewa amanena kachidutswa ka uthenga koyenda pa intaneti, kolembedwa adiresi ya komwe kachokera ndi komwe kakupita.

Gogo wa ku Mabvuku, ku Harare komweko, amene makolo ake anachoka ku Nyasaland kudzafuna ntchito, akamaimbira abale ku Dedza pa WhatsApp, foni imadula mawu ake m'tizidutswa. Kuimba kotereku kumatchedwa VoIP, ndipo pa WhatsApp kunayamba mu 2015. Mafoni ambiri a VoIP amaika mawu a mamilisekondi 20 m'paketi imodzi, ndiye kuti mapaketi 50 pa sekondi.

Panjira mapaketiwo sayenda mwadongosolo. Ena amachedwa, ena amapitirira anzawo, ena amasowa. Foni ya ku Dedza imawadikira pang'ono n'kuwasanja potsata manambala omwe ndondomeko yotchedwa RTP imalemba pa iliyonse. Yosowayo kawirikawiri situmizidwanso, poti ingafike nkhani itapita kale. Apa m'pamene "Muli bwanji?" amamveka "Mu... nji?", gogo n'kutuluka panja, foni m'mwamba, kusaka netiweki kumpanda.

Bungwe la ITU, loona za matelefoni padziko lonse, limalangiza kuti mawu asachedwe kupitirira mamilisekondi 150. Akachedwa kwambiri, awiriwo amalankhula nthawi imodzi, kenako onse zii, aliyense kudikira mnzake.