Mbiri ya Nyale za Galimoto ndi Cifukwa Cace Zimacita Cifunga

Lero tikambirane za maso a galimoto, ndiwo nyale zace. Ena a inu muli ndi malole onyamula cimanga ndi fodya, ndipo mwaona kuti nyale zimayamba kuyera mbuu, kapena kucita cikasu. Kuti timvetse bwino bvuto limeneli, tiyambe ndi mbiri yace.

Magalimoto oyamba anali ndi nyale za mafuta ndi za kabaidi. Madzi anali kudonthera pa miyala ya kabaidi, ndipo mpweya woturuka pamenepo ndiwo unali kuyaka. Dzuwa likalowa, woyendetsa anali kutsika ndi macesi m'manja. M'caka ca 1912 kampani ya Cadillac ku Amereka inaturutsa galimoto lokhala ndi magetsi olizira injini ndi oyatsira nyale. M'caka ca 1940 m'dziko lomwelo munakhazikika nyale yozungulira ya galasi, yomatidwa ponseponse. Ikapsa, munthu anali kugula nyale yathunthu. Mdani wace anali mwala wokha, pakuti galasi siliopa dzuwa.

M'caka ca 1953 Hermann Schnell wa kampani ya Bayer ku Germany anapeza pulasitiki yochedwa polycarbonate, ndipo caka comweco Daniel Fox wa General Electric anaipezanso payekha. Pulasitiki imeneyi ndi yopepuka, siisweka msanga, ndipo imaumbika monga mmisiri afunira. M'caka ca 1983 boma la Amereka linalola nyale zosintha babu yokha, ndipo galimoto la Lincoln Mark VII la 1984 linayamba kuturuka nazo. Lero pafupifupi magalimoto onse ang'ono, pamodzi ndi ogwirapo kale nchito amene timagula ku Japan, ali ndi nyale zapatsogolo za pulasitiki.

Koma pulasitiki imeneyi imaopa dzuwa. Opanga amaipaka mankhwala oichinjiriza, koma pakupita kwa zaka fumbi ndi mcenga wa m'miseu zimakanda mankhwalawo. Pamenepo dzuwa limadya khungu la pamwamba, ndipo cifunga cimayamba. Nyale zofiira za kumbuyo kawirikawiri ndi za pulasitiki yina, ya acrylic, imene imapirira dzuwa.

Musayese kuti ndi nkhani ya kukongola cabe. M'caka ca 2018 bungwe la AAA ku Amereka linayesa nyale zacifunga, nilipeza kuti zimapereka magawo 22 okha pa magawo 100 a kuwala kwa nyale zatsopano. Zitakonzedwa, kuwala kunabwerera pafupifupi magawo 70. Taganizani tsopano za mwana amene alikuyenda m'mphepete mwa mseu usiku, kapena ngolo ya ng'ombe yopanda nyale. Woyendetsa akawaona mocedwa, mabuleki sathandiza.

Kakonzedwe kace nkotere. Tsukani nyale ndi sopo, ndipo matani tepi m'mbali kuti penti asakandike. Kwecani ndi sandipepa wonyowa, kuyambira wa nambala 800, kenaka 1500, potsiriza 2000 kapena 3000, mulikuthira madzi nthawi zonse. Musadabwe nyale ikayamba yayera koposa kale, cifukwa mulikucotsa khungu lakufa. Mukatha, pukutani ndi polishi mpaka iwale. Cotsiriza ndico cacikuru: pakani mankhwala ochinjiriza ku dzuwa, pakuti mukapanda kutero cifunga cidzabwerera miyezi yowerengeka isanathe. Mankhwala otsukira mano, amene ena amatama, amathandiza kanthawi kocepa cabe. Ngati madzi alowa m'kati, kapena nyale yang'aluka, kukweca sikuthandiza. Matani polowera madzi, kapena gulani yina.

Inu mafumu, galimoto limene limanyamula fodya masana ndi lomwelo limene lidzathamangira ndi wodwala ku cipatala pakati pa usiku. Cifukwa cace uzani eni magalimoto m'midzi mwanu kuti ayang'ane nyale zao dzinja lisanafike, ndi kuimika magalimoto pa mthunzi ngati nkotheka.