Kuchokera m'Chikuta Kufikira ku Sikelo

Kalekale pakati pa Achewa, khanda likabadwa linkabindikira m'chikuta pamodzi ndi amake kufikira mchombo utagwa. Pamenepo amayi aakulu ankalitulutsa, kulimeta tsitsi ndi kulitcha dzina. Komabe linali lisanawerengedwe ngati munthu wathunthu, ndipo likatsikira kulichete ankaliika akazi okhaokha popanda maliro aakulu.

Popeza imfa za ana zinali zochuluka, makolo anaika miyambo yotchinjiriza moyo wa khanda. Bambo ndi mayi ankadika poopa tsempho kufikira tsiku la mwambo wotenga mwana. Agogo ankayang'anitsitsa liwombo, kukhala pansi, kumera mano, kukwawa ndi kuimirira. Mkuzi wa m'chiuno unali muyeso wao: ukathina ankadziwa kuti mwana akukula, ukakhwepa ankadziwa kuti zinthu sizili bwino. Mayi ankayamwitsa zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo kutenga pathupi mwana asanayende kunali kochititsa manyazi.

Zipatala za mishoni ndi za boma zitafala, ntchito ya mkuzi inatengedwa ndi sikelo, kumene ana amayezedwa kulemera ndi kulandira katemera. Mu 1992, mwa ana 1,000 obadwa amoyo m'Malawi, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Pofika 2016 chiwerengerocho chinatsika kufika pa 63.

Njira zasintha ndithu, koma funso limene agogo ankafunsa pogwira mkuzi ndi lomwenso namwino amafunsa poyang'ana khadi la kusikelo: kodi mwanayu akukula?