Nyumba za Atsamunda mu Mzinda wa Lilongwe

Nyumba za atsamunda ndi zomwe zidamangidwa ku Lilongwe kuchokera mu 1904, pamene Angerezi adakhazikitsa boma m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, kufikira mu 1964 pomwe dziko lino lidalandira ufulu wodzilamulira. Zambiri mwa zotsala zili ku Old Town, makamaka ku Area 3. Tauniyi idakula ndi fodya, yemwe ulimi wake udafalikira m'chigawo chapakati m'zaka za m'ma 1920, ndipo ndalama zake zidabweretsa amalonda, akalaliki ndi amisiri.

Kamangidwe kake kadachokera ku India. Kumeneko Angerezi adatengera nyumba yopanda nsanjika ya ku Bengal, yomwe adaitcha bangalo, n'kuyenda nayo m'maiko otentha omwe ankalamulira. Nyengo ndiyo inkalamula kamangidwe: azungu omwe adakakhala ku New England, ku America, m'zaka za m'ma 1600 ankathawa chisanu, choncho ankamanga nyumba zamatabwa, zamawindo aang'ono, chumuni chili pakati. Kuno nkhondo idali ya dzuwa, mvula, udzudzu ndi chiswe.

Mtima wa nyumbazi ndi khonde. Limakhala lotakasuka, nthawi zina lozungulira mbali zitatu kapena zonse, ndipo limatchinga dzuwa kuti lisaombe khoma komanso mvula kuti isanyowetse njerwa. Mandala House ya ku Blantyre, yomangidwa mu 1882, ndiyo chitsanzo chakale chodziwika kwambiri cha khonde lotere. Makoma ankakhala ochindikala, a njerwa zootcha, maziko okwera, denga lamalata, siling'i ili patali kuti mpweya wotentha uzikwera m'mwamba. Pansi padali simenti yofiira yopolishidwa mpaka kung'anima, ndipo m'mawindo munkaikidwa sefa wotchinga udzudzu. Chumuni sichinkasowa pabalaza, popeza Lilongwe ali pamtunda wopitirira pang'ono mamita 1,000 ndipo mu June ndi July kumazizira ndithu. Amene adagonamo mwezi wa October amadziwa kuti nyumbazi zimazizira bwino popanda fani, zomwe nyumba zambiri zamakono zimalephera.

Komabe nyumbazi zidamangidwanso pofuna kulekanitsa anthu. Kuseri kwa nyumba yaikulu kunkakhala boizikota, tizipinda tothinana ta khukhi ndi wosamalira kapinga, pomwe bwana ali ndi bwalo lalikulu. Mtsinje nawo udali malire: kumadzulo kudali boma, nyumba za azungu ndi bwalo la gofu, pomwe kum'mawa kudali msika ndi masitolo a amwenye, ambiri mwa eni ake akugona kuseri kapena pamwamba pa sitolo.

Ufulu utabwera, maganizo amenewa sadatheretu. Boma la Dr Hastings Kamuzu Banda lidaganiza mu 1965 zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, ndipo mu 1968 bungwe la Capital City Development Corporation lidayamba ntchito mothandizidwa ndi ngongole yochokera ku South Africa. Likulu lidasamuka mu 1975. Maofesi a ku Capital Hill ndi City Centre adamangidwa ndi konkire, mwamakono, koma ku Area 10, Area 12 ndi Area 43 kudabwereranso nyumba yopanda nsanjika, pa puloti yaikulu, boizikota ili kuseri. Chosiyanitsa anthu tsopano chidakhala ndalama ndi udindo.

Masiku ano nyumba zambiri zakale ku Area 3 zidasanduka maofesi, malo ogona alendo ndi malo odyera. Makonde ena adatsekedwa ndi magalasi kuti pakhale chipinda china, ndipo mipanda ya maluwa idalowedwa m'malo ndi mipanda yaitali ya njerwa. Zina zikugwetsedwa chifukwa malowo akwera mtengo kuposa nyumbayo. Kutaya zonse kungakhale kulakwa, pakuti njerwazo adaumba ndi kuyala ndi amisiri a kuno komwe. Eni mapuloti ndi khonsolo ya mzinda asungeko zina, ndipo zomwe sizingapulumuke zijambulidwe ndi kulembedwa zisanagwe.